ZA PABANJA PATHU: Chotupa Chachotsedwa M'mutu, Nanga Nkhoko Zake?



Ambiri a ife Mwanza timaidziwa ngati chipata basi. Ndi pamene mabasi opita ku Joni amaima kuti anthu adinditse mapasipoti asanawolokere ku Zobue, ndiponso ndi pamene ana athu pobwerera amagula manachesi oti akafike nawo kumudzi. Koma Mwanza ndi boma lokhala anthu oposa 130,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo anthuwo amadwala monga timadwalira ife. Lero tiima pa Mwanza pofuna kukamba za ulendo wa munthu amene khansa yake yafalikira ku ubongo. Tasankha pamenepa chifukwa ndi pamphambano ya misewu iwiri imene banja la wodwala wotere limaiganizira: wina wopita ku Blantyre kudzera pa Zalewa, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, wina wopita ku Johannesburg kudzera ku Tete. Chimene chikumuvuta munthu wa ku Thambani kapena ku Kunenekude, chimuvuta koposa wa ku Makanjira, pakuti wa ku Makanjira Blantyre ili kutali zedi.

Poyamba timvetsetsane. Khansa imene tikukamba pano si yoyambira m'mutu ayi. Imayambira kwina, kawirikawiri m'mapapo, m'bere, mu impso, m'matumbo kapena pakhungu. Kenaka tizidutswa take tosaoneka ndi maso timalowa m'magazi n'kukatsakamira mu ubongo, kumene timamera n'kusanduka chotupa. Khansa ya khomo la chiberekero ndi ya kum'mero, zimene zatha anthu ambiri muno m'Malawi, sizifikafika kumeneko. Koma ya m'bere ndi ya m'mapapo zimafika, nthawi zina patapita zaka mayi atachotsedwa bere, banja litaiwala kale kuti kunali matenda.

Zizindikiro zake n'zimene zimatisokoneza. Mutu umapweteka osamva panado, makamaka m'bandakucha, nthawi zina pamodzi ndi kusanza. Munthu wamkulu amene sanagwepo khunyu chibadwire amayamba kugwa ndi kuphupha. Dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi umalefuka, lilime limalemera, kapena mayi amene anali wofatsa amayamba kulalata ndi kuiwala mayina a ana ake. Zikafika apa pakhomo timathamangira kunena kuti ndi majini, ena amati wachita kulodzedwa, ndipo milungu imatha tikuzungulira naye m'midzi. Sitikuletsa munthu kumuwerengera m'bale wake duwa. Tikungoti duwa ndi chipatala sizilimbana, ndipo ngati wodwalayo anapezekapo ndi khansa m'mbuyomu, zizindikiro zotere ndi zoti tsiku lomwelo apite kuchipatala atanyamula kabuku kake kakale.

Pachipatala cha boma, monga cha Mwanza, ekisileyi wamba sangaonetse za m'kati mwa chigaza. Pamafunika makina a CT kapena a MRI, ndipo n'chifukwa chake amalemba kalata yomutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, chija akuluakulu amachitcha kuti Gulupu. Makina oyamba a MRI anafika pachipatalachi m'chaka cha 2008, ndipo anabwera chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo a ana. Ngakhale chithunzi chionetse chotupa, tisafulumire kulira maliro. Kuno kwathu chifuwa chachikulu chimatha kupanga chotupa mu ubongo, ndiponso kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV pali matenda ena amene pachithunzi amafanana ndi khansa, chonsecho amachizika ndi mankhwala. Ngakhale ku America komwe, pa kafukufuku wa 1990 amene titchule posachedwapa, odwala 6 mwa 54 amene ankaganiziridwa kuti khansa yawafalikira ku ubongo anapezeka kuti vuto lawo linali lina atawayeza bwinobwino.

Si aliyense amene amachitidwa opaleshoni. Madokotala a za ubongo amalolera kutsegula chigaza ngati chotupa chili chimodzi kapena zochepa kwambiri, ngati ndi chachikulu moti chikupanikiza ubongo, ngati chili pamalo ofikirika, komanso ngati wodwalayo akadali ndi mphamvu ndipo khansa ya kwinako siinamuthe. Dokotala wina wa ku Kentucky, Roy Patchell, ndi anzake anaonetsa m'chaka cha 1990 kuti opaleshoni imathandizadi. Pa odwala 48 amene anali ndi chotupa chimodzi, amene anachitidwa opaleshoni kenaka n'kuwotchedwa ndi cheza anakhala moyo pafupifupi milungu 40, pamene amene anangowotchedwa osachitidwa opaleshoni anakhala milungu 15. Ndipo ochitidwa opaleshoniwo anakhala nthawi yaitali akutha kudzisamalira okha.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Opaleshoni ikatha, kawirikawiri wodwala amatsitsimuka modabwitsa. Mutu umaleka kupweteka, dzanja lija limayamba kugwira, amayambanso kuseka ndi adzukulu. Achibale amene anasonkha ndalama amapuma, ana a ku Joni amaleka kutumiza, ndipo gadiyani amene wagona pansi kwa mwezi wathunthu amangofuna basi yobwerera kwawo. Dokotala akanena kuti pakufunikanso kuwotcha, ambiri timamva ngati akunena za ndiwo zoonjezera pambale yodzaza kale.

Amayi mukudziwa kuti ngakhale muomole nsima mosamala chotani, mumphika mumatsala nkhoko. Dokotala akachotsa chotupa pamatsala kadzenje mu ubongo, ndipo m'mbali mwa kadzenjeko mumatsala nkhoko za khansa zimene diso lake silingazione, ngakhalenso makina a MRI. Sangapale mwamphamvu monga mmene mupalira mphika, chifukwa chimene angapalecho ndi ubongo wa munthu, mmene muli kulankhula kwake ndi kuyenda kwake. Nkhokozo zikasiyidwa zimameranso pamalo omwewo. Ku chipatala cha MD Anderson ku Houston anatsatira odwala oposa 120 amene zotupa zawo zinachotsedwa zonse bwinobwino, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2017. Mwa amene sanawotchedwe, patatha chaka chimodzi ndi 43 okha pa 100 alionse amene chotupa sichinabwerere pamalo paja. Kunena kwina, oposa theka chinawabwerera. Mwa amene anawotchedwa pakadzenje paja, 72 pa 100 alionse chinali chisanabwerere.

Kutentha munda wonse, kapena chitsa chokha

Mawu akuti kuwotcha amaopsa, ndipo tamvapo ena akunena kuti munthu amaikidwa pamoto kapena kugwiritsidwa nyesi. Si choncho. Ndi cheza champhamvu chosaoneka, cha mtundu umodzi ndi cha ekisileyi, chimene chimaononga tizidutswa ta khansa kuti tisaswane. Pamene makina akugwira ntchito munthu samva kutentha kapena kupweteka kulikonse.

Kwa zaka zambiri njira inali imodzi, yowotcha ubongo wonse. Wodwala amapita tsiku ndi tsiku, kawirikawiri maulendo 10 pa milungu iwiri. Nzeru yake ndi yakuti ngati khansa yamera pamalo amodzi, mwina yafesa mbewu pena paliponse, choncho ndi bwino kupsereza ponseponse. Ndipo njirayi imagwiradi ntchito. Patchell yemwe uja anaonetsa m'chaka cha 1998, pa odwala 95, kuti kuwotcha ubongo wonse itatha opaleshoni kunachepetsa kubwerera kwa chotupa pamalo akale kuchoka pa 46 kufika pa 10 pa 100 alionse. Koma mtengo wake ndi wowawa. Tsitsi limathothoka, thupi limalefuka kwa milungu, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti nzeru zimafooka. Munthu amayamba kuiwala zimene wauzidwa m'mawa, amataya mawu pakati pa chiganizo, amalephera kuwerengera ndalama za geni yake.

Mlimi wofuna kupha chitsa sayatsa munda wonse. Amaunjika zinyalala pachitsapo n'kuyatsa pomwepo. Maganizo otere anabwera ndi dokotala wa ku Sweden, Lars Leksell, m'chaka cha 1951, ndipo pofika 1968 makina ake otchedwa Gamma Knife anayamba kugwira ntchito ku Stockholm. Dzinalo likutchula mpeni, koma mulibe mpeni. Muli timizere ta cheza tambirimbiri, m'makina a masiku ano 192, tochokera mbali zosiyanasiyana. Kamzere kalikonse pakokha n'kofooka moti kamadutsa mu ubongo osaononga kanthu kwenikweni, koma tonse timakumana pamalo amodzi, ndipo pokumanapo ndi pamene pamapsa. Anyamata amene anayatsapo pepala ndi galasi padzuwa akudziwa mmene zimakhalira. Masiku ano ntchito yomweyi imachitikanso ndi makina ena owotchera ngati aikidwa zipangizo zoyenera, komanso ndi makina otchedwa CyberKnife. Madokotala njira imeneyi amaitchula mwachidule kuti SRS, ndipo ndi bwino kusunga zilembo zitatuzi pamtima, pakuti ndi zimene mudzafunse.

Wodwala amajambulidwanso MRI kuti aone bwino kukula kwa kadzenje kaja. Amamuumbira chigoba cha pulasitiki chogwira nkhope ndi mutu kuti asasunthe ngakhale pang'ono, chifukwa kuphonya kwa mamilimita awiri kapena atatu ndi kuphonya kwakukulu. Kuwotchako kumachitika kamodzi kokha, kapena maulendo 3 mpaka 5 ngati kadzenjeko n'kokulirapo, ndipo munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Amayi athu adziwiretu kuti mpango amavula m'chipindamo, ndipo palibe cholakwa kupempha kuti pakhale namwino wamkazi.

Nanga kusiyana kwake n'kotani? M'chaka chomwecho cha 2017 kunatuluka kafukufuku wina wa odwala 194 m'zipatala 48 za ku America ndi Canada, wotsogoleredwa ndi dokotala Paul Brown. Onse anali atachitidwa opaleshoni. Theka anawotchedwa ubongo wonse, theka anawotchedwa pakadzenje pokha. Patatha miyezi 6, mwa owotchedwa ubongo wonse 85 pa 100 alionse nzeru zawo zinali zitafooka, pamene mwa owotchedwa pamalo amodzi anali 52 pa 100. Koma pa kutalika kwa moyo magulu awiriwa sanasiyane: onse anakhala pafupifupi chaka chimodzi.

Tiime pang'ono pa manambala amenewa, chifukwa munthu akhoza kuwamva molakwa. Choyamba, 52 si nambala yaing'ono. Ngakhale njira yabwinoyi siimubweza munthu kukhala monga analili kale, pakuti matendawo paokha, opaleshoni ndi mankhwala ena zimafooketsanso ubongo. Chachiwiri, ndipo apa tikupempha ana athu amene ali ndi ndalama amvetsetse, kuwotcha pamalo amodzi sikugula zaka. Amene akukuuzani kuti mukagulitsa boti ndi chilimira mayi anu akachiriratu ku makina odula, sakukuuzani zoona. Kawirikawiri chimene chimadzamutenga munthu ndi khansa ya kumene inayambira, ndipo imeneyo imafuna chithandizo chakechake. Chimene njira iyi imateteza ndi umunthu wa wodwala pa miyezi imene Mulungu wamupatsa. Ife amene ntchito yathu ndi kuloweza ndi kulowezetsa ana timadziwa kulemera kwa zimenezi. Tate amene akutha kuima pa swala osataya sura imene analoweza ali mwana, amene akutha kuuza ana ake za ngongole zake ndi malire a munda wake nzeru zili bwinobwino, amene akumuzindikira mdzukulu akalowa m'nyumba, ameneyo miyezi yake 12 si yofanana ndi ya mnzake amene akungoyang'ana kudenga. Ife tikuona kuti zimenezi n'zoyenera kuzifunafuna ngati njira ilipo, ndipo tisamachite manyazi kuuza dokotala kuti nzeru za bambo athu ndi zofunika kwa ife monga masiku awo.

Koma njirayi ili ndi ngongole yake, ndipo amene amailipira kwambiri ndi munthu wa kumudzi. Ukatentha chitsa chokha, mbewu zimene zinagwera kwina m'mundamo sizipsa. Owotchedwa pamalo amodzi zotupa zatsopano zimawamerera pena mu ubongo kawirikawiri kuposa owotchedwa ubongo wonse, ndipo pa kafukufuku wa Brown ngakhale pakadzenje pomwepo chotupa chinabwerera mocheperapo mwa owotchedwa ubongo wonse. Chimene chinachititsa kuti asafe msanga n'chakuti ankajambulidwa MRI pafupipafupi, miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, ndipo kachotupa katsopano kakangooneka ankakawotcha kakadali kakang'ono. Tsono ganizirani mayi wa kwa Nthache kapena kwa Kanduku. Ulendo uliwonse ndi kabaza kukafika pamsewu, minibasi kukafika ku Blantyre, iye ndi womuperekeza, pogona, chakudya, ndi mtengo wa chithunzi ngati ajambulira kolipira. Ngati banja lingakwanitse kuwotcha kokhako koma maulendo obwerezawo ayi, liuzeni dokotala poyera asanasankhe njira. Kwa munthu wotere, kapena amene zotupa zake ndi zambiri, kuwotcha ubongo wonse sikuti ndi chithandizo cha amphawi chongomutaya nacho. Nthawi zina ndi kumene kuli koyenera.

Makina ali kuti, ndipo nthawi ndi yochuluka bwanji

Kwa zaka zambiri dziko lathu linalibe makina owotchera khansa ngakhale amodzi. Odwala ankapita ku Lusaka, kumene chipatala cha Cancer Diseases Hospital chinatsegulidwa m'chaka cha 2007, ena ku Ocean Road ku Dar es Salaam, ena ku South Africa, ndipo ena boma linkawatumiza ku India atadikira pamndandanda wautali. Ambiri ankamwalira dzina lawo lisanafikiridwe. Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 2024 pamene chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kuwotcha khansa, ndipo m'chaka cha 2025 boma linatsegula National Cancer Centre pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Kwa munthu wa ku Mwanza, Blantyre ndi ulendo wa maola awiri. Kwa wa ku Salima ndi Nkhotakota, Lilongwe ndiye pafupi. Zimenezi ndi zoyamika, ndipo makolo athu amene anapita kalelo sanazione.

Komabe kukhala ndi makina owotchera ndi nkhani ina, kutha kuwotcha kadontho mu ubongo ndi nkhani inanso. Kuwotcha ubongo wonse makina alionse owotchera amatha. Kuwotcha pamalo amodzi kumafuna zipangizo zoonjezera, MRI yatsopano yojambulidwa mosamala, ndi akatswiri oyeza cheza amene amatsimikiza kuti makinawo sakuphonya. Choncho musangofunsa kuti, "Kodi pano mumawotcha?" Funsani kuti, "Kodi pano mumachita SRS ya mu ubongo? Ngati simuchita, pafupi ndi kuti, ndipo wodwala wathuyu ikumuyenera?" Kunja kwa dziko lino, ku Johannesburg kuli Gamma Knife pa chipatala cha Milpark, ku Cairo iliko kuyambira kalekale, ndipo ku Kenya makina a CyberKnife anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2023 pa chipatala cha Kenyatta University. Safunsa anadya phula, ndipo dokotala wabwino sakwiya ndi funso lotere.

Mafunso amenewa nthawi yake ndi opaleshoni isanachitike. Tikubwereza: isanachitike. Nkhoko zija sizidikira kuti tikolole chimanga kapena kuti mwana wa ku Joni alandire malipiro a mwezi wa mawa. Madokotala amafuna bala lipole kaye pang'ono, kenaka kuwotcha kuchitike pasanathe milungu itatu kapena inayi chichitikire opaleshoni, ndipo pa kafukufuku wa ku Houston uja malire anali masiku 30. Tsono masiku 30 ndi ochepa kwambiri kwa banja limene liyambe tsiku lotuluka m'chipatala kufunsa mitengo, kuitanitsa msonkhano wa abale, kupita kwa a Shehe kukapempha kuti alengeze pa Jumu'ah, mwinanso kukonza pasipoti. Msonkhano wa banja ukhale usiku umene dokotala wanena za opaleshoni, ndipo ndalama zimene zasonkhedwa zigawidwe patatu kuyambira pachiyambi: za opaleshoni, za kuwotcha, ndi za maulendo okajambulitsa. Taona kuti pamaliro abale amasonkha mofulumira ndi mowolowa manja. Sadaka imene yafika munthu akupuma ikhoza kumulipirira minibasi yopita ku Blantyre.

Pakhalenso munthu mmodzi, wodziwa kuwerenga ndiponso wosataya zinthu, amene asunge mapepala onse m'chikwama chimodzi. Ofunika kwambiri ndi pepala la zotsatira za chotupa chimene chinatumizidwa kukayezedwa, lipoti la opaleshoni, ndi zithunzi zenizeni za CT ndi MRI pa CD kapena pa fulashi, za kale ndi za pambuyo pa opaleshoni. Zithunzi zojambula ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp zimathandiza pofunsa maganizo, koma sangakonzere nazo kuwotcha. Pepala la zotsatira lija nthawi zina limachedwa kutuluka, choncho wina azipita kukalifunsa osatopa. Ndi limene limanena mtundu wa khansa, ndipo pa mitundu ina ya m'bere ndi ya m'mapapo kuli mankhwala amene amafika mpaka ku ubongo.

Tsopano za msewu wachiwiri uja. Ana athu amene ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, chifukwa cha chikondi, amakonda kunena kuti, "Akwezeni basi abwere kuno." Ulendo wa pa basi kuchoka pa Mwanza kudzera ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge umatenga pafupifupi masiku awiri, ndi mizere ya pazipata zitatu ndi kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi. Munthu amene watsegulidwa chigaza milungu iwiri yapitayo akhoza kugwa khunyu pakati pa njira, kutali ndi chipatala chilichonse. Asanakwere, dokotala amene anamuchita opaleshoni avomereze kuti angayende. Chipatala cha kumeneko chikhale chitaona kale zithunzi, chitavomera kumulandira, chitanena tsiku ndi mtengo wake polemba. Mlendo wochokera kunja amalipira, ndipo kungofika pakhomo la chipatala ndi wodwala kulibe chitsimikizo choti athandizidwa m'masiku amene atsalawo. Zimatheka munthu kutha mwezi wonse wofunika uja ali m'kachipinda ka lendi ku Joni, pamene akanakhala atawotchedwa kale ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Akabwerera kunyumba

Wodwala amene wawotchedwa ndi makina otere satenga cheza m'thupi mwake. Akhoza kudya mbale imodzi ndi ana, kunyamula khanda, kugona pamphasa imodzi ndi mkazi wake kapena mwamuna wake. Tanena izi chifukwa ena amamupatulira kapu ndi mbale ngati wakhate wa kale, ndipo zimamupweteka mtima kuposa matenda.

Pafupifupi onse amapatsidwa mapiritsi otchedwa dexamethasone ochepetsa kutupa kwa ubongo. Ndi mankhwala amphamvu amene amamuutsa munthu m'masiku awiri okha, koma ali ndi makhalidwe ake. Amakweza shuga m'magazi, amabweretsa njala yosaneneka, amasowetsa tulo, amatupitsa nkhope, ndipo ena amawachititsa ukali. Amamwedwa ndi chakudya, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi ayi, amachita kuchepetsa pang'onopang'ono monga wanenera dokotala. Chimodzimodzi mapiritsi oletsa kugwa khunyu, osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Apa nkhani ya Ramadhan imalowapo, chifukwa akuluakulu athu ambiri salola kumasula ngakhale adwale chotani. Wodwala wotere ali m'gulu la amene anapatsidwa chilolezo, ndipo kusintha nthawi ya mapiritsi a khunyu pofuna kufunga kukhoza kumugwetsa. A Shehe a pamzikiti panu akamuuze okha, pakuti kwa mwana wake sangamve. Momwemonso za kutawaza bala lisanapole, njira yake ilipo yosanyowetsa balalo. Munthu amene wagwapo khunyu asapite yekha kunyanja kukasamba, asakwere bwato, ndipo asakhale yekha pafupi ndi moto.

Patapita miyezi, mwina 6 mpaka chaka kapena kuposerapo, ena mwa owotchedwa pamalo amodzi mutu umayambanso kupweteka ndipo chithunzi chimaonetsa ngati chotupa chabwerera, chonsecho ndi chipsera cha cheza chimene chatupa. Madokotala enieniwo amavutika kusiyanitsa ziwirizi, ndipo nthawi zina amangodikira n'kujambulanso. Chipseracho kawirikawiri chimamva mankhwala. Choncho zizindikiro zikabwerera si chifukwa chonenera kuti basi zatha, tingomusunga pakhomo.

Tisabise kuti ambiri mwa odwala athu sadzafika pa opaleshoni kapena pa makina amenewa, chifukwa amapezeka matenda atafika kale patali. Abale awo asadzione ngati alephera. Ku Britain ndi Australia anachita kafukufuku wa odwala 538 a khansa ya m'mapapo imene inafika ku ubongo, amene sakanatha kuchitidwa opaleshoni kapena SRS, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2016. Amene anawotchedwa ubongo wonse sanakhale moyo wautali kapena wabwinopo kwenikweni kuposa amene anangopatsidwa dexamethasone ndi chisamaliro chabwino. Kwa munthu amene wafooka kale, wosatha kudzuka pamphasa, kumuzunguza m'misewu kukafuna makina sikumuonjezera kanthu. Chimene akufuna ndi kuti ululu uthe. Ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya Tiyanjane yosamalira odwala otere, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo m'zipatala za m'maboma, kuphatikizapo Mwanza ndi Mangochi, muli anamwino ndi madokotala ophunzitsidwa ntchito imeneyi. Mankhwala a morphine akumwa amaperekedwa ulere m'zipatala za boma. Amamwedwa pa nthawi yake, maola anayi alionse, osati kudikira kuti wodwala ayambe kubuula, ndipo popeza amamanga m'mimba, pokatenga mukumbukire kupemphanso mankhwala ofewetsa chimbudzi.